Galimoto ikawira pa mtunda wa ku Nkhata Bay: zomwe madzi a mu injini amachita

Amene amayenda pamsewu wochokera ku Nkhata Bay kukwera ku Mzuzu anazionapo izi. Galimoto yaima m'mbali mwa msewu pakati pa mtunda, boneti ili yasa, nthunzi ikufuka, ndipo kondakitala akutsetserekera kumtsinje chigubu chili m'manja. Apaulendo akhala pa udzu, nkhani yayambika. Wina akuti, "Adalaivala, kachotsetseni thermostat, kachitsulo kameneko n'ka kumayiko ozizira." Wina akuti vuto n'lakuti mu redieta munali madzi wamba osati coolant. Mayi wina akufunsa chifukwa chake sangotsegula chitsekero n'kuthiramo madzi kuti ulendo upitirire, popeza kukuda.

Aliyense mwa anthuwa wagwira mbali ina ya zoona, koma nkhaniyi imasokoneza chifukwa cha dzina lomwe tinaipatsa. Timati madzi amaziziritsa injini, ndiye munthu amaganiza kuti injini yozizira kwambiri ndiyo ili bwino. Ayi. Ntchito ya madzi, mapaipi, fani ndi zina zonsezi ndi kusunga injini pa kutentha kumodzi koyenera, pakati pa madigiri 85 ndi 105, kaya muli pa mtunda wa Chiweta masana mu Okutobala kapena mukutuluka ku Katoto m'mamawa wa mu Julayi chifunga chili thithithi. Thupi la munthu limachitanso chimodzimodzi: limakhala pa madigiri 37, likapitirira timati malungo, likatsika kwambiri munthu ali pangozi. Mukagwira mfundo imeneyi, zina zonse zimayamba kumveka.

Kutentha konseku kumachokera kuti

Injini ya petulo kapena dizilo ndi moto wotsekeredwa m'chitsulo. Ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, silinda iliyonse, kachipinda komwe mafuta amapsera, imayaka ka 25 pa sekondi, ndipo moto wake umapitirira madigiri 2,000. Mitu ya injini zambiri za masiku ano, yomwe imavindikira masilinda pamwamba, ndi ya aluminiyamu, chitsulo chomwe chimasungunuka pa madigiri 660 ndipo chimayamba kufooka ndi kupindika chisanayandikire n'komwe pamenepo.

Mphamvu ya mafuta omwe mumagula imagawika patatu mosalingana kwenikweni. Gawo limodzi, mwinanso locheperapo, ndilo limazunguza matayala. Lina limatuluka ndi utsi kumbuyo. Lachitatu limalowa m'zitsulo za injini, ndipo limeneli ndilo madzi amayenera kulinyamula n'kukalitaya. Kuti muone kukula kwake: kutentha komwe kumalowa m'madzi a injini kuchokera pa lita imodzi ya petulo kungathe kuwiritsa malita 30 a madzi ozizira, ndowa imodzi ndi theka. Pomwe galimoto yaing'ono imanyamula malita 5 kapena 6 okha. Choncho madzi omwewo amayenera kutenga kutentha, kukakutaya, kubwerera, kutenganso, osaima.

Galimoto zoyambirira zinalibe nzeru imeneyi. Ya Karl Benz ya mu 1886 inkangolola madzi kuwira n'kuuluka ngati nthunzi, woyendetsa n'kumawonjezera ena pafupipafupi. Enanso anasankha kusiyiratu madzi n'kudalira mphepo yokha. Volkswagen Beetle yakale ija inali yotero, ndipo njinga zamoto zambiri za kabaza zomwe zadzaza m'misewu ya Mzuzu zili choncho mpaka lero. Mukayang'ana injini ya njinga yamoto muona timizere ta chitsulo totuluka m'mbali ngati mano a chipeso. Ntchito yake ndi kukulitsa malo oti mphepo ikhudze. Pa injini yaing'ono yomwe ili poyera zimatheka. Pa injini yaikulu yobisika pansi pa boneti, kapena pansi pa mpando monga mu minibasi ya Hiace, mphepo yokha singafike paliponse mofanana, n'chifukwa chake madzi anapambana.

Njira yomwe madzi amayenda

M'kati mwa chitsulo cha injini muli tinjira tobooledwa mozungulira masilinda ndi m'mutu wa injini. Madzi amadutsa mmenemo, n'kutuluka kudzera pa paipi yaikulu ya labala kupita ku redieta, kenako n'kubwerera kudzera pa paipi ina. Chomwe chimawakankha ndi pampu ya madzi, kachitsulo kokhala ndi timapiko komwe kamazunguzidwa ndi lamba wa injini.

Kale ena ankayenda opanda pampu. Ford Model T, yomwe inayamba kupangidwa mu 1908, pafupifupi zonse zinkadalira chikhalidwe cha madzi chabe: otentha amakwera pamwamba, ozizira amatsika pansi, monga mmene nyemba zimayendera mumphika zikamawira. Injini zitakula mphamvu, kuyenda kwapang'onopang'ono kotero kunaleka kukwanira.

Pali chinthu chimodzi chokhudza pampu chomwe madalaivala a m'mitunda ayenera kudziwa. Popeza imazunguzidwa ndi injini, liwiro lake limatsata liwiro la injini. Mukakwera mtunda ndi giya yaikulu, injini ikubuula, phazi lili pansi, moto ndi wochuluka koma pampu ikuyenda pang'onopang'ono. Kutsitsa giya kumathamangitsa madzi. Pampu ikayamba kutha imadontha pa kabowo komwe opanga anakasiya dala pansi pake ngati chenjezo, kapena imalira. Lamba akaduka, madzi amaima nthawi yomweyo ndipo injini imawira m'mphindi zochepa. Galimoto zina za hybrid, zoyendera mafuta ndi magetsi omwe, monga Toyota Aqua zili ndi pampu yoyendera magetsi, yopanda lamba.

Redieta ndi fani

Mayi akafuna kuti phala la mwana lizizire msanga salisiya m'kapu. Amalithira m'mbale yotakata, n'kulipapatiza ndi supuni, n'kumauzira. Redieta ndi mbale yotakata imeneyo. Madzi otentha amagawidwa m'timapaipi tambirimbiri topyapyala, ndipo pakati pa timapaipito pali timasamba ta chitsulo topindapinda tomwe timalanda kutentha n'kukupereka ku mphepo yodutsa.

Amene anaikonza m'maonekedwe omwe tinawazolowera ndi Wilhelm Maybach wa ku Germany. Pa galimoto ya Mercedes ya mu 1901 anaika redieta yooneka ngati chisa cha njuchi, ya timapaipi toposa 8,000, ndipo kuyambira pamenepo galimoto inatha kuyenda ulendo wautali ndi madzi ochepa. Kwa zaka zambiri maredieta anali a mkuwa, ndipo ikabooka mmisiri ankaiwotcherera n'kuibwezera pamsewu. Za masiku ano, monga zomwe zili m'galimoto zochokera ku Japan zomwe zimalowera pa Songwe, pakati pake ndi aluminiyamu ndipo pamwamba ndi pansi ndi pulasitiki. N'zopepuka ndipo zimataya kutentha bwino, koma pulasitikiyo akakalamba amasanduka wofiirira, amauma, n'kung'aluka, kawirikawiri pafupi ndi khosi la chitsekero.

Redieta imatha kutsekeka m'kati, ndi dzimbiri, kapena kunja. Zakunjazi anthu amaziiwala. M'nyengo ya mvula, yomwe kuno ku Mzuzu imachedwa kutha, matope a m'misewu ya ku Mchengautuwa kapena ku Masasa amamatirira pa timasamba tija. M'chilimwe ndi fumbi, njere za udzu ndi tizilombo. Kutsogolo kwa redieta kulinso ina yopyapyala ya AC, ndipo zinyalala zimakonda kubisala pakati pa ziwirizi pomwe diso silifika. Potsuka pamafunika madzi oyenda mofatsa, chifukwa makina opopera mwamphamvu a kotsukitsa galimoto amagonetsa timasambato, mphepo n'kulephera kudutsa.

Galimoto ikamathamanga, mphepo imalowa yokha. Ikamayenda pang'onopang'ono kapena ikaima pamzere wa mafuta injini ikulira, fani ndiyo imakoka mphepo. M'galimoto zing'onozing'ono fani ndi yamagetsi, ndipo imayaka yokha madzi akafika cha m'ma 95 mpaka 100, n'kuzima akatsika. Kuzima kwakeko si kuwonongeka, ndi mmene inapangidwira. Pa galimoto zazikulu monga Land Cruiser ndi Hilux zambiri, fani imazunguzidwa ndi injini kudzera pa kachipangizo kokhala ndi mafuta okhuthala, komwe kamagwira mwamphamvu kukatentha n'kumasuka kukazizira. Izi zimathandiza kulondola vuto. Galimoto yomwe imatentha ikaima koma n'kukhala bwino ikamathamanga, kayikirani fani. Yomwe ili bwino m'tauni koma imatentha pa mtunda wautali, kayikirani redieta yotsekeka kapena madzi osayenda mokwanira.

Chitsekero, kanthu kotsika mtengo komwe kamanyamula zambiri

Pa zonse zomwe zili pansi pa boneti, chitsekero cha redieta ndicho chimapeputsidwa kwambiri. Ndaonapo galimoto yotsekedwa ndi chitsekero cha galimoto ina chongokakamiza, labala wake atadyeka, mwiniwake akudabwa kuti madzi akutha bwanji tsiku lililonse pomwe palibe podontha. Zinandimvetsa chisoni chifukwa anali atasinthitsa kale redieta yonse.

Madzi samawira pa madigiri 100 paliponse. Amatero kunyanja yamchere, komwe mpweya umapanikiza kwambiri. Mukamakwera, mpweya umapepuka ndipo madzi amawira msanga, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 alionse. Mzuzu ili pa mamita pafupifupi 1,250, choncho mumphika wosavindikira madzi amawira cha pa madigiri 96. Tsono kumbukirani kuti injini imagwira ntchito pakati pa 85 ndi 105. Popanda china chothandiza, madzi akanamawira nthawi iliyonse galimoto ikalemedwa. Ndipo ulendo wochokera ku Nkhata Bay, komwe nyanja ili pa mamita osakwana 500, ndi kukwera mamita pafupifupi 800 pa makilomita osakwana 50: injini ikugwira ntchito yaikulu pomwe malire owirira madzi akutsika.

Chothandizacho ndi chitsekero. M'kati mwake muli sipuling'i yomwe imatsekera madzi kuti akamatentha n'kufufuma azipanikizika. Madzi opanikizika amachedwa kuwira. Pamwamba pa zitsekero za galimoto za ku Japan mumaona nambala 0.9 kapena 1.1, womwe ndi muyeso wa kupanikizako. Ndi chitsekero chabwino chotero, madzi amafika pafupifupi madigiri 120 asanawire. Sipuling'i ikafooka kapena labala akang'ambika, madigiri 20 ndi kuposerapo amatayika popanda chizindikiro china chilichonse. Zitsekero zopanikiza zoterezi zinayamba kufala cha m'ma 1940, ndipo zinalola opanga kuchepetsa kukula kwa maredieta.

Kupanikiza kukapitirira muyeso, chitsekero chimatsegula pang'ono n'kulola madzi ena kupita ku kabotolo ka pulasitiki ka pambali, kolembedwa FULL ndi LOW. Injini ikazizira, madzi amanyala, ndipo kavalavu kachiwiri ka m'chitsekero kamayamwa madzi aja kubwerera. N'chifukwa chake mulingo wa m'kabotolo umakwera ndi kutsika, ndipo umayesedwa injini ili yozizira. Galimoto zina, makamaka za ku Ulaya, chitsekero chopanikiza chimakhala pa kabotolo pomwepo.

Apa ndi pomwe pali yankho la mayi uja wa pa mtunda. Ganizirani botolo la thobwa lomwe lagona masiku awiri lili lotseka. Likuoneka lodekha, koma mukangopotokola chitsekero limakuthirani kumaso. Madzi a mu redieta omwe ali pa madigiri 110 akudekha chifukwa cha kupanikizika kokha. Mukatsegula, onse amawira nthawi imodzi, ndipo madzi akasanduka nthunzi amakula kuposa ka 1,600. Anthu apsa nkhope ndi manja mwanjira imeneyi. Kansalu kophimba dzanja sikateteza. Chimateteza ndi kudikira, theka la ola kapena kuposerapo, mpaka paipi yapamwamba itafewa ndi kugwirika ndi dzanja.

Thermostat, pomwe pagona mkangano

Thermostat ndi kageti ka pa njira yapakati pa injini ndi redieta. Amene anafikapo ku sikimu ya mpunga ya Limphasa amadziwa mageti a m'ngalande, omwe amatsegulidwa munda ukafuna madzi n'kutsekedwa akakwana. Kusiyana kwake n'kwakuti aka kamadzitsegula kokha. M'kati mwake muli phula lofanana ndi la kandulo, lotsekeredwa m'kachitsulo. Madzi akafika pa kutentha kolembedwa pa thermostat, komwe pa injini zambiri za Toyota ndi madigiri 82, phulalo limasungunuka, limafufuma, n'kukankha kamtengo kachitsulo komwe kamatsegula geti. Madzi akazizira phula limauma, sipuling'i n'kutseka. Njira ya phulayi anaitulukira Sergius Vernet m'zaka za m'ma 1930. Isanafale, oyendetsa m'mayiko ozizira ankaphimba redieta ndi nsalu kapena timazenera totseka kuti injini ifunde.

Choncho m'mawa mukaliza galimoto, geti ndi yotseka. Madzi amangozungulira m'kati mwa injini, osapita ku redieta, kuti atenthe msanga. Ikatentha, geti imasewera pakati, kutseguka pang'ono, kutsekeka pang'ono, kuti kutentha kukhale pamodzimodzi.

Amakaniko omwe amachotsa thermostat sachita mopanda chifukwa. Kachipangizoka kakakalamba kamatha kukakamira kali kotseka, ndipo zikatero injini imawira ngakhale redieta ili yodzaza ndi madzi ozizira. Kwa munthu amene waima pa Chiweta usiku, kuchotsa thermostat yokakamira ndi njira yofikira kunyumba. Palinso nkhani ya sipeya. Yeniyeni imadula ndipo sipezeka nthawi zonse, pomwe zina zotsika mtengo zimafa msanga. Makaniko amene kasitomala wabwerera kawiri ndi dandaulo lomwelo amaona kuti kuchotseratu ndiko kumupatsa mtendere. Ambiri amalumikizanso fani kuti izizungulira nthawi zonse kiyi ikangotembenuzidwa.

Mbali inayo ili ndi zifukwa zake zolemera. Injini yopanda thermostat imachedwa kutentha, ndipo ku Mzuzu, komwe usiku wa mu Juni ndi Julayi kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, ulendo wa ku Luwinga kupita m'tauni ungathe injini isanafunde. Mukamatsetsereka mtunda wautali, kapena podutsa m'nkhalango ya Chikangawa m'bandakucha, imaziziranso. Kompyuta ya galimoto ikaona madzi ozizira imawonjezera mafuta, poganiza kuti injini yangolizidwa kumene, ndiye petulo amatha msanga. Petulo wosapsa bwinoyo amatsuka oyilo m'makoma a silinda n'kutsikira pansi. Chinyontho chomwe chimayenera kuuluka oyilo akatentha chimatsalira n'kupanga phala lakuda. Zitsulo zinapimidwa kuti zigwirane bwino zikafufuma ndi kutentha, choncho injini imadyeka kwambiri ili yozizira. Kuwonongeka kumeneku n'kwapang'onopang'ono, sikuoneka mwezi umodzi, n'chifukwa chake n'kovuta kukhulupirira.

Pali china chomwe ambiri sachidziwa. Pa injini zambiri thermostat ili ndi kambale kachiwiri pansi, komwe geti ikatseguka kamatseka kanjira kachidule kaja komwe madzi amazungulira nako m'mawa. Mukachotsa thermostat, kanjira kachidule kamakhala kotseguka mpaka kalekale, ndipo madzi ena otentha amabwerera mu injini osadutsa ku redieta. Galimoto yotero imazizira mopitirira m'mawa, koma n'kutenthabe pa mtunda. Komanso thermostat yabwinobwino siingachititse galimoto kuwira, chifukwa pofika madigiri 95 imakhala itatseguka yonse. Ngati ikuwirabe, vuto lili kwina. Kuyesa thermostat n'kosavuta: imangirireni ku chingwe, muiviike mumphika wa madzi pamoto, muone ngati itseguke madzi asanawire n'kutsekanso akazizira.

Madzi wamba kapena coolant

Coolant ndi madzi osakaniza ndi mankhwala otchedwa ethylene glycol, pamodzi ndi ena oteteza dzimbiri. Mankhwala a ethylene glycol anawapanga koyamba ndi Charles-Adolphe Wurtz wa ku France m'zaka za m'ma 1850, koma anayamba kuthiridwa m'galimoto m'zaka za m'ma 1920. Cholinga choyamba chinali chakuti madzi asaundane, chifukwa madzi akaundana amafufuma n'kung'amba chitsulo cha injini. Akasakanizidwa theka ndi theka, saundana mpaka madigiri 37 kunsi kwa ziro.

Amene amati kuno kulibe chisanu chotero akunena zoona. Ndipo pali china chomwe chili kumbali yawo: madzi enieni amanyamula kutentha kochuluka kuposa coolant, lita kwa lita. Coolant amakweza malire owirira ndi madigiri 7 kapena 8 chabe, zochepa poyerekeza ndi zomwe chitsekero chimachita.

Phindu lake kwa ife lili pa dzimbiri. M'njira ya madzi muli aluminiyamu, chitsulo wamba, nthawi zina mkuwa, zonse zikukhudzana ndi madzi otentha. Zitsulo zosiyana zikakhala m'madzi amodzi zimadyana. Madzi wamba amasiyanso zokakamira: yang'anani m'ketulo yomwe yakhala ikuwiritsa madzi a pamjigo kwa chaka, muona zoyera zokakamira pansi. Zoterozo zikamera m'timapaipi ta redieta, tomwe n'topyapyala kwambiri, zimatseka njira, ndipo zikamera m'makoma a injini zimakhala ngati bulangeti lotchinga kutentha kuti kusalowe m'madzi. Madzi a mu redieta akasanduka ofiirira ngati a mumtsinje nthawi ya dzinja, ndiye kuti injini ikudyeka m'kati, ndipo timapiko ta pampu timatha kudyeka mpaka kutsala chigwinya.

Mankhwala oteteza dzimbiriwa amatha mphamvu, n'chifukwa chake coolant amasinthidwa. Wakale wobiriwira ankafuna kusinthidwa pakatha zaka ziwiri. Wa pinki wa Toyota anapangidwa kuti ayende makilomita 160,000 koyamba, kenako 80,000 ulendo uliwonse. Mtundu wake, kaya wofiira, wobiriwira kapena wa buluu, ndi utoto chabe womwe kampani inasankha, ndipo mabotolo awiri a mtundu umodzi angathe kukhala ndi mankhwala osiyana. Chofunika kuwerenga ndi zolembedwa pabotolo, makamaka ngati ndi wosakaniza kale kapena wofunika kusungunula. Posungunula, abwino ndi madzi oyeretsedwa omwe amagulitsidwa kuti aziwonjezera mu batire, osati asidi wa batire. Ndipo coolant ndi poizoni wotsekemera. Asasungidwe m'botolo la zakumwa pomwe ana angafike, ndipo wakale asatayidwe pomwe agalu ndi nkhuku zimamwa.

Ikawira, chimawonongeka n'chiyani

Pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake pali gasiketi, chimbale chopyapyala chomwe chimalekanitsa zinthu zitatu zoyendera pafupi: moto, oyilo ndi madzi. Injini ikatentha mopitirira, mutu wa aluminiyamu umapindika pang'ono, mwina kuchepera kukhuthala kwa pepala, ndipo gasiketi imasiya kugwira. Zizindikiro zake amakaniko amazidziwa bwino: utsi woyera wosatha ngakhale injini itafunda, oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, thovu lotumphuka mu redieta injini ikulira, madzi otha popanda podontha. Mukapitiriza kuyenda, mapisitoni, zitsulo zoyenda m'masilinda, amafufuma n'kukakamira, ndipo ndi pomwe timamva kuti injini yanoka.

Nthawi yopulumutsa injini ndi yochepa, ndipo imayamba pomwe muvi wa geji ya kutentha wadutsa pakati. Galimoto zina monga Vitz zilibe muvi, zili ndi nyali yoonetsa kuzizira ndi ina yofiira, ndipo yofiirayo ikayaka zinthu zafika kale patali. Zimitsani AC, tsegulani hita mpaka mapeto ngakhale kukutentha, chifukwa hita ndi karedieta kena kakang'ono ka m'kati mwa dashibodi komwe kamathandiza kutaya kutentha, ndipo imani pamalo abwino oyamba. Hita ikamatulutsa mphepo yozizira pomwe geji ili pamwamba, madzi atha kapena sakuyenda, zimitsani injini pomwepo. Madzi akatheratu geji imathanso kunama, chifukwa kachipangizo koyeza kamakhala kali pouma. Kuthira madzi ozizira mu injini yotentha kwambiri kuli ngati kuthira madzi pa mbale yagalasi yochokera pamoto, chitsulo chimatha kung'aluka. Ikazizira, madzi alionse oyera angathandize kufika kugalaja, bola akakhuthulidwe pambuyo pake.

Zomwe anthu sanagwirizanebe

Za dzira laiwisi lothira mu redieta yobooka, kapena mankhwala a m'botolo omatira mabowo, ena amachitira umboni kuti zinawafikitsa kwawo. Ena anatsegula maredieta ndi mahita otsekeka ndi zomwezo. Kodi malire ali pati pakati pa kupulumuka usiku umodzi ndi kuwononga njira yonse ya madzi?

Nanga galimoto yomwe yayenda zaka ndi madzi wamba, ithiridwe coolant lero? Amakaniko ena amachenjeza kuti mukatsuka dzimbiri, mabowo omwe dzimbirilo linkatseka amaonekera ndipo galimoto imayamba kudontha. Anzawo amayankha kuti mabowowo analipo kale, ndipo n'kwabwino kuwapeza kugalaja kusiyana ndi pamsewu wa ku Karonga. Mwini minibasi amene amadya za tsikulo, ndi mwini galimoto amene akufuna kuisunga zaka 10, sangawerenge mtengo wa chisankhochi mofanana.

Pa redieta ya pulasitiki yong'aluka, kumata ndi guluu, kusintha pulasitiki yokhayo, kugula yatsopano yotsika mtengo kapena yakale yochotsa pa galimoto ina, chimakhalitsa n'chiti pa misewu yathu? Ndipo wogula wamba angasiyanitse bwanji thermostat, chitsekero kapena coolant weniweni ndi wachinyengo, pomwe mapaketi amafanana?

Palinso funso lomwe likubwera ndi galimoto zatsopano. Za hybrid zili ndi njira ziwiri za madzi, ina ya injini ndi ina yoziziritsa zipangizo zamagetsi, iliyonse ndi kabotolo kake ndi pampu yake. Nzeru zakale zochotsa thermostat ndi kulumikiza fani mwachindunji zinaphunziridwa pa injini zopanda kompyuta. Kodi magalaja a ku Luwinga ndi ku Chibavi apeza bwanji zida zoyesera ndi maphunziro oyenera galimoto zoterezi, ndipo ndani adzalipire?